Atsogoleri avomera, oyendetsa ndeke akana: voti yotere imachokera kuti?

Pa 1 Novembala 2022 yuniyoni ya oyendetsa ndeke a kampani ya United Airlines ku America inalengeza zotsatira za voti yomwe inadabwitsa anthu ambiri osaidziwa ntchitoyi. Mwa oyendetsa ndeke pafupifupi 10,000 omwe anavota, 94 peresenti anakana pangano latsopano la malipiro. Pangano lomwe analikanalo linakambidwa ndi komiti ya yuniyoni yawo yomwe, ALPA, ndipo atsogoleri awo anali atalivomereza kale n'kulitumiza kwa mamembala. Munali kukwera kwa malipiro kopitirira 14 peresenti pa miyezi 18. Ife kuno ku Chipata tinazolowera kumva pa wailesi kuti abwana ndi mayuniyoni asayinirana, basi nkhani yathera pomwepo. Ndiye munthu angafunse kuti anthu olandira kale ndalama zochuluka chonchi akukananso chiyani. Peresenti yomwe imalembedwa pamutu wa nkhani m'nyuzipepala ndi kagawo kochepa chabe ka pangano, ndipo oyendetsa ndeke amaliwerenga mpaka tsamba lomaliza, cholembera ndi pepala zili m'manja.

Ku America makampani a njanji ndi a ndeke ali ndi lamulo lawolawo la za ntchito, Railway Labor Act, lomwe linakhazikitsidwa mu 1926 ndipo linayamba kukhudza ndeke mu 1936. Pa lamuloli pangano la malipiro silitha mphamvu tsiku lake likakwana. Limangofika poti tsopano lingathe kukonzedwanso, ndipo zonse zolembedwamo zimapitirira kugwira ntchito mpaka latsopano litavomerezedwa, ngakhale papite zaka zinayi. La ku United linafika pa tsiku limeneli kumayambiriro kwa 2019. Chaka chimenechi musachiiwale, tibwererako.

Zokambirana zisanayambe, yuniyoni imatumiza mafunso kwa mamembala onse kuti asanje zofuna zawo, chachikulu pamwamba. Kenako imasankha komiti ya anthu ochepa, nawonso oyendetsa ndeke omwe amapumitsidwa kaye kuuluka, ndipo amathandizidwa ndi maloya komanso odziwa masamu a ndalama. Pangano lenilenilo ndi buku la masamba mazana angapo, logawidwa m'mitu: malipiro, maola a ntchito, tchuthi, matenda, maphunziro, mahotela ogonamo paulendo, penshoni. Amayamba ndi mitu yosavuta, ya ndalama amaisiya kumapeto. Akamanga mfundo zikuluzikulu, maloya a mbali zonse ziwiri amatha milungu ingapo akulemba mawu enieni, chifukwa mlandu ukadzabuka mawa woweruza adzawerenga zolembedwa, sadzafunsa zomwe anthu ankaganiza kuti agwirizana. Chikalatacho chikatha chimapita ku khonsolo ya atsogoleri osankhidwa kuchokera ku nthambi zonse za yuniyoni, ndipo iwo amavota ngati chili choyenera kufika kwa mamembala. Akalola, komiti imayendera mizinda yomwe oyendetsa ndeke amanyamukirako ntchito, kufotokoza ndi kuyankha mafunso. Pomaliza voti yachinsinsi imatsegulidwa pa intaneti kwa milungu iwiri kapena itatu. Okana akaposa theka, pangano lagwa.

Choncho pali makomo awiri pomwe lingafere. Sabata yomweyo ya voti ya ku United, khonsolo ya APA, yuniyoni ya oyendetsa ndeke a American Airlines, inakana pangano lokweza malipiro ndi 19 peresenti pa zaka ziwiri, mavoti 15 kwa 5, ndipo silinafike n'komwe kwa mamembala. Komiti ili ngati ankhoswe. Amapita kukakamba m'malo mwa banja, angabwereko atagwirana chanza ndi anzawo a mbali inayo, koma eni mbumba akamva zomwe zakambidwa n'kupukusa mitu, ankhoswe amanyamukanso ulendo ndi mawu ena.

Ola lolipidwa ndi liti

Woyendetsa ndeke wa ku America salandira ndalama yokhazikika pa mwezi monga mphunzitsi kapena kalaliki wa boma. Amalipidwa pa ola, ndipo ola lowerengedwa limayamba zitseko zikatsekedwa ndeke n'kuchoka pomwe inaimikidwa, limatha ikaima pa geti ya komwe ikupita. Nthawi yomwe wafika msanga kudzaona za nyengo, kuwerengera mafuta, kuzungulira ndeke kuyang'ana matayala, mapiko ndi mainjini, siilowa m'masamu amenewa. Maola atatu odikira pabwalo pakati pa ulendo wina ndi unzake salowanso. Munthu angathe kukhala pa ntchito maola 12, olipidwa n'kukhala asanu kapena asanu ndi limodzi. Kuwonjezera apo malamulo a chitetezo anaika malire: ku America sangauluke maola opitirira 100 pa masiku 28 alionse, kapena 1,000 pa masiku 365, pomwe ku Ulaya malire ndi maola 900 pa chaka. Sanganene kuti ndigwira ovataimu mpaka ndalama zikwane.

Zomwe zimamuteteza ndi timalamulo tina ta m'kati mwa pangano. Pali malipiro otsimikizika pa mwezi, kawirikawiri maola 70 mpaka 75, kaya wauluka kapena ayi. Pali lamulo loti pa maola awiri alionse okhala pa ntchito alipidwe osachepera limodzi. Pali loti tsiku lililonse la paulendo lisawerengedwe pansi pa maola akutiakuti. Tiyerekeze ulendo wa masiku anayi womwe uli ndi maola 16 ouluka. Ngati pangano likuti tsiku lisachepere maola 5, kampani ilipira maola 20. Tsopano bwerani ndi pangano latsopano lokweza mtengo wa ola ndi 10 peresenti koma lochotsa kalamulo ka maola 5 kaja. Maola 16 pa mtengo watsopano akufanana ndi maola 17.6 pa mtengo wakale. Nyuzipepala ilemba kuti malipiro akwera, koma pa ulendo umenewu munthu wataya ndalama za maola oposa awiri, ndipo kampani ilibenso chifukwa chopewera kumugoneka kunja masiku ambiri pa ntchito yochepa. Oyendetsa ndeke amatenga rosita yawo ya mwezi watha n'kuiwerengera pa malamulo atsopanowo. Voti ya ambiri imachokera pa kapepala kameneko.

Chachiwiri ndi nambala. Tsiku lomwe woyendetsa ndeke walembedwa ntchito amapatsidwa malo pa mndandanda wa kampaniyo, ndipo nambala imeneyi imalamula pafupifupi zonse: mtundu wa ndeke yomwe ayendetse, mzinda womwe akhazikike, chaka chomwe adzachoke pa mpando wakumanja wa wachiwiri n'kukhala kaputeni kumanzere, ngakhalenso komwe adyere Khirisimasi, kunyumba kapena ku hotela. Luso silimudumphitsa mzere. Akasiya ntchito n'kupita ku kampani ina, ngakhale anali kaputeni wa zaka 20, amakayambira pansi penipeni, pa malipiro a chaka choyamba. Pa ntchito zina munthu akakhumudwa amangosamukira kwina. Uyu wamangidwa pa kampani imodzi, ndipo njira yokhayo yosinthira moyo wake ndi pangano. Pangano la zaka zinayi, mukaphatikiza ndi zaka zitatu zokokana za lotsatira, limamulamula munthu zaka zisanu ndi ziwiri. N'chifukwa chake salivomera mopupuluma.

Nambala yomweyi ndiyo imagawa voti. Kaputeni yemwe watsala ndi zaka ziwiri kuti afike 65, msinkhu womwe lamulo limamuchotsa pa ndeke zonyamula anthu, amafuna ndalama lero, za zaka khumi zikubwerazo sizimukhudza. Wachinyamata yemwe ali pansi pa mndandanda amayang'ana za standby. Ameneyu alibe rosita yokhazikika, amangodikira foni, ndipo akaitanidwa mwadzidzidzi angafunike kufika pabwalo m'maola awiri kapena atatu. Ngati amakhala mzinda wina, amalipira yekha malo ogona pafupi ndi bwalo, kudikira foni yomwe mwina siilira. Mawu ochepa olola kampani kumusinthira ulendo ali kale m'njira, kapena kumubwezetsa mochedwa mpaka kudya tsiku lake lopuma, kwa iye amalemera kuposa 3 peresenti. Komiti ikakondweretsa akuluakulu okha, achinyamata omwe alembedwa ambiri m'zaka zaposachedwa amaligwetsa pangano.

Mutu womwe umayambanitsa anthu kwambiri ndi wonena za amene ali ndi ufulu woyendetsa ndeke zonyamula makasitomala a kampaniyo. Eni ake amautcha scope. Makampani akuluakulu a ku America amapereka maulendo aafupi ku makampani aang'ono, omwe ndeke zawo zimapakidwa mtundu ndi dzina la kampani yaikuluyo koma oyendetsa ake amalandira zochepa. Mapangano a ku Delta, United ndi American amaletsa ndeke zoterezi kupitirira mipando 76, ndipo amaikanso malire a kuchuluka kwake. Kumtunda kwake kuli maulendo aatali owoloka nyanja, omwe kampani ingagawane ndi anzake akunja. Ndeke zikuluzikulu ndizo zili ndi malipiro apamwamba, ndiye ulendo uliwonse woperekedwa kwa mlendo ndi mpando wa ukaputeni womwe wachoka pa mndandanda. Kampani imadziwa kuti mutu umenewu ndi wovuta kuumvetsa, ndipo imakonda kuugula ndi peresenti yooneka bwino. Mu Januwale 1997 oyendetsa ndeke a American anakana pangano lomwe atsogoleri awo anabweretsa, ndipo imodzi mwa nkhani zazikulu inali yoti ndani ayendetse ndeke zing'onozing'ono za jeti zomwe zinkangofika kumene. Zinafika pa sitalaka pa 15 Febuluwale chaka chomwecho, koma Pulezidenti Bill Clinton anaiimitsa patangopita mphindi zochepa.

Ku Delta mu Julayi 2015 chomwe chinagwetsa pangano chinali china. Kampani inali kupeza phindu lalikulu, ndipo oyendetsa ndeke anali ndi gawo lawo pa phindulo chaka ndi chaka. Pangano latsopano linkakweza mtengo wa ola koma linkachepetsa gawo la phindu lija, ndiponso linkalimbitsa malamulo ofuna umboni wa dokotala munthu akadwala. Nkhani ya matenda si yaing'ono pa ntchitoyi, chifukwa chimfine chotseka makutu, chomwe kalaliki angapite nacho ku ofesi, chimamuletsa woyendetsa ndeke kuuluka, ndipo lamulo limamukakamiza kunena yekha kuti sali bwino. Pafupifupi 65 peresenti anakana, mtsogoleri wa yuniyoni anatula pansi udindo, ndipo mu Disembala 2016 anavomereza pangano lina lokweza malipiro ndi pafupifupi 30 peresenti pofika 2019, gawo la phindu losakhudzidwa.

Nthawi yake

Tibwerere ku United. Pangano la 14 peresenti lija linatuluka chapakati pa 2022. Mu Juni chaka chimenecho kukwera kwa mitengo ya zinthu ku America kunafika 9.1 peresenti pa chaka, chinthu chomwe sichinaoneke kwa zaka 40. Munthu yemwe pangano lake linayenera kukonzedwa mu 2019 anaona kuti zomwe akumupatsazo zikungobweza zomwe mitengo yadya kale. Nthawi yomweyo anthu anali atayambiranso kuyenda mwaunyinji mliri wa korona utazilala, koma makampani anali atapumitsa msanga oyendetsa ndeke ambiri achikulire pa nthawi ya mliriwo. Kupeza olowa m'malo si kwa sabata imodzi. Kuchokera pa ngozi ya ndeke ya Colgan Air pafupi ndi Buffalo mu Febuluwale 2009, America inakhwimitsa lamulo kuti ngakhale wachiwiri kwa kaputeni akhale ndi maola 1,500 ouluka asanalembedwe ndi kampani yonyamula anthu, kupatula ochokera ku usilikali ndi kumasukulu ena ovomerezeka omwe amachepetseredwa. Oyendetsa ndeke anadziwa kuti akusowa pa msika.

Chomwe chinamaliza zonse chinachokera kwa mnansi. Pangano la United litangotuluka, abwana a American anauza oyendetsa ndeke awo kuti ali okonzeka kupereka pafupifupi 17 peresenti. Yuniyoni ya ku United inachita kuimika voti kwa miyezi ingapo kuti iyese kukonza zinthu, koma mamembala anali atataya kale chikhulupiriro. Pa ntchitoyi aliyense amasuzumira mbale ya mnzake, chifukwa Boeing 737 ya United ndi ya American n'chimodzimodzi, ndipo mitengo ya pa ola ya makampani onse imadziwika. Wosayina woyamba amaopa kuti wotsatira adzamuposa. Mu Malichi 2023 a Delta anavomereza pangano la 18 peresenti nthawi yomweyo, kenako 5, 4 ndi 4 m'zaka zotsatira, zomwe zikaunjikana zimakwana 34 peresenti. Analembamonso kuti United kapena American ikawaposa, mitengo yawo ikwere kuti akhalebe patsogolo. A American anavomereza lawo mu Ogasiti, ndipo a United mu Seputembala 2023 anavomereza, ndi mavoti 82 peresenti, pangano lofika pafupifupi 40 peresenti pa zaka zinayi.

Pali kachinthu kena m'pangano la Delta kofunika kukaona bwino. Analandira ndalama ya kamodzi yolipira zaka zomwe zinapita akukambirana: 4 peresenti ya zomwe munthu analandira mu 2020, 4 peresenti ya 2021 ndi 14 peresenti ya 2022. Popeza pangano lakale silitha mphamvu, mwezi uliwonse wozengereza ndi phindu kwa kampani. Ogwira ntchito akavomera pangano lopanda maariyazi, aphunzitsa abwana kuti kukoka nkhani kumalipira, ndipo ulendo wotsatira adzaikoka kuposa apa. Ambiri ovota amakumbukiranso zaka zomwe makampani anagwa m'ngongole n'kudula malipiro kudzera m'khoti. Penshoni ya oyendetsa ndeke a United inathetsedwa mu 2005 n'kuperekedwa ku bungwe la boma lomwe limalipira zochepa, ndipo ya a Delta inatsatira chaka chotsatira. Omwe anali achinyamata nthawi imeneyo ndiwo makaputeni a lero. Akamva kuti kampani yapeza mabiliyoni a madola, amati nthawi yobweza yakwana.

Nanga komiti ya anthu anzeru, odziwa ntchito, imabweretsa bwanji chinthu chomwe 94 mwa 100 akuchikana? Kawirikawiri sikuti yagulidwa, ngakhale mawu amenewa amamveka msanga mamembala akapsa mtima. Anthu omwe akhala zaka zitatu m'chipinda chimodzi ndi abwana amayamba kuyeza pangano ndi thukuta lomwe akhetsa kuti alipeze, pomwe membala amaliyeza ndi rosita yake ndi malipiro a mnansi. Mafunso aja anayankhidwa zaka zitatu zapitazo, msika usanasinthe, ndipo palibe anawabwereza. Kulakwa kwina kofala n'kutulutsa chidule cha masamba awiri chodzaza ndi zabwino zokhazokha mawu enieni asanatuluke. Mamembala akadzapeza okha pa tsamba la 140 chinthu chomwe chidule sichinatchule, amayamba kukayikira zonse, ndi zabwino zomwe. Atsogoleri akafika pa msonkhano n'kumati palibenso china chomwe kampani ingapereke, achita kubetcha ndi mipando yawo. Voti ikagwa, nthambi zimayamba kuchotsa nthumwi zawo, komiti yatsopano imasankhidwa, mafunso atsopano amatumizidwa, ndipo miyezi imapita zokambirana zisanayambirenso.

Akakana, ndeke siziima

Kukana pangano sikutanthauza kuti mawa kuli sitalaka. Ku America njira yofikira pa sitalaka ndi yaitali mwadala. Mbali imodzi imapempha bungwe la boma la amkhalapakati, National Mediation Board, kuti lilowererepo, ndipo bungweli lingasunge nkhaniyo miyezi kapena zaka, palibe tsiku lomwe lamulo linaika. Likaona kuti zakanikadi, limapempha mbali zonse kuti zilole woweruza wapadera agamule. Mbali imodzi ikakana, pamakhala masiku 30 oziziritsa mitima. Akatha amenewa m'pamene ogwira ntchito angathe kunyanyala, kampani nayo ingathe kuwatsekera kunja kapena kukhazikitsa malamulo ake. Ngakhale apo Pulezidenti angathe kusankha komiti yapadera, zomwe zimaimitsa zonse masiku ena 60, ndipo nyumba ya malamulo ili ndi mphamvu yokakamiza mbali zonse kulandira pangano. Sitalaka ya oyendetsa ndeke a Spirit Airlines mu Juni 2010, yomwe inatenga masiku asanu, imatchulidwabe mpaka pano chifukwa zotere n'zosowa.

Zomwe mumaona pa TV, oyendetsa ndeke atandandalika chete kunja kwa bwalo atavala yunifolomu ndi zipewa, zikwangwani m'manja, amachita pa masiku awo opuma ndipo palibe ulendo womwe umaimitsidwa. Voti yolola atsogoleri kuitanitsa sitalaka nayonso ndi chida chokankhira abwana. A Delta anaivomereza ndi 99 peresenti mu Okutobala 2022 ndipo sananyanyale tsiku ndi limodzi lomwe. Njira zachidule zimawotcha. Mu Febuluwale 1999 oyendetsa ndeke ambiri a American ananena kuti adwala pa nthawi imodzi, maulendo zikwi zingapo anaimitsidwa, khoti linalamula kuti abwerere, ndipo atazengereza yuniyoni yawo inalamulidwa kulipira madola 45.5 miliyoni.

Musaganize kuti aliyense wokana amapambana. Mu Julayi 2023 oyendetsa ndeke za katundu a FedEx anakana pangano lokweza malipiro ndi pafupifupi 30 peresenti, okana anali 57 peresenti, ambiri akudandaula kuti silinatseke bwino khomo loperekera ntchito yawo kwa ena. Koma msika wawo unali kuzizira, katundu wa pa ndeke anali atachepa poyerekeza ndi nthawi ya mliri, ndipo mu 2024 kampaniyo inataya kontrakiti yaikulu yonyamula makalata a positi ya America, yomwe inapita ku UPS. Chaka cha 2024 chinatha iwo akadali pa pangano la 2015. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo 43 peresenti omwe anavomera anali ndi chifukwa chonenera choncho. Kwa ine kusiyana kwa voti ya ku United ndi ya ku FedEx kuli pa kukula kwake. 94 peresenti imauza abwana kuti awonjezere ndalama zenizeni. 57 kwa 43 imawauza kuti angokokera anthu 8 pa 100 alionse ku mbali yawo, ndipo imasiya yuniyoni itang'ambika pakati, anthu akulozana zala m'malo mokonzekera.

Kuno ku Africa zinthu zimayenda mwamsanga komanso mwaukali, chifukwa malamulo ndi ena ndipo makampani ambiri a ndeke ndi a boma, osapeza phindu. Oyendetsa ndeke a Kenya Airways, kudzera mu yuniyoni yawo KALPA, ananyanyala pa 5 Novembala 2022 pa nkhani zingapo kuphatikizapo thumba la ndalama zopumira ntchito lomwe kampani inasiya kuikamo, ndipo khoti la za ntchito linawalamula kubwerera pofika m'mawa wa pa 9. Ku South African Airways omwe anapatsidwa ntchito yopulumutsa kampaniyo anatsekera kunja oyendetsa ndeke mu Disembala 2020 pofuna kuthetsa pangano lakale lomwe linkawateteza. Kwathu kuno Zambia Airways yoyamba inatsekedwa mu Disembala 1994, ndipo dzinali linabwereranso mumlengalenga mu Disembala 2021, Ethiopian Airlines ili ndi gawo la 45 peresenti. Kampani ikafa, mndandanda uja umafera limodzi. Pa kampani yaing'ono ya ndeke zowerengeka, woyendetsa ndeke wosakhutira kawirikawiri amadikira kuti maola ake akwane ndi ngongole ya maphunziro yomwe anasayinira ithe, kenako amatumiza makalata ku makampani akuluakulu a ku Dubai kapena Doha.

Kwa mphunzitsi wa ku Katete, namwino wa ku Lundazi kapena wogwira ntchito pa fakitale ya thonje, phunziro la ntchito lili pa kawerengedwe. Lamulo lathu la Industrial and Labour Relations Act limafuna kuti pangano likasayinidwa liperekedwe kwa Labour Commissioner ndi kulembetsedwa, ndipo likatero limamanga mbali zonse. Ngati membala wamba ali ndi mawu lisanasayinidwe, zimenezo muziyang'ane m'malamulo a yuniyoni yanu, ndipo malo ofunsira ndi msonkhano wa nthambi zokambirana zisanayambe. Pemphani chikalata chonse. Funsani tsiku lomwe malipiro atsopano ayambire ndi ngati miyezi yapitayo ilipidwa. Onani ngati ndalama ya nyumba ndi ya thiransipoti ili peresenti ya malipiro kapena ndi ndalama yokhazikika, chifukwa yokhazikika siikwera limodzi ndi malipiro. Werengerani zotsala m'thumba PAYE, NAPSA ndi NHIMA zitachotsedwa. Ndipo funsani mosapita m'mbali chomwe abwana alandira posinthanitsa, chifukwa sichimasowa.

Kwa amene muli ndi tikiti m'manja, kapena mumadalira alendo opita ku South Luangwa pakati pa Juni ndi Okutobala, yang'anani kaye dziko lomwe kampaniyo ili. Ikakhala ya ku America, nkhani yoti pangano lakanidwa isakusinthitseni ulendo, chodetsa nkhawa ndi kumva kuti masiku 30 aja ayamba kuwerengedwa. Ikakhala ya ku Kenya, South Africa kapena ku Ulaya, chenjezo la sitalaka lingakhale la masiku ochepa, ndiye tsatirani tsiku lomwe yuniyoni yatchula. Ambirife timakwerera ku Lilongwe kudzera pa Mwami kapena ku Lusaka, n'kukasintha ndeke ku Nairobi, Addis Ababa kapena Johannesburg. Maulendo onse akakhala pa tikiti imodzi, kampani yomwe yaimitsa ndeke ndiyo iyenera kukupezerani njira ina mpaka mufike. Akakhala pa matikiti osiyana, monga mlendo wogula payokha ya Lusaka kupita ku Mfuwe, kampani yachiwiriyo ilibe mlandu ndi kuchedwa kwa yoyamba, ndipo mpando womwe sanaukwere ungatayike pamodzi ndi ndalama zake. Pa nyengo ya mikangano siyani tsiku lathunthu pakati pa matikiti awiriwo, ndipo musananyamuke pa Great East Road ulendo wa makilomita oposa 550 wopita ku Lusaka, tsimikizani pa foni kuti ndeke yanu ikadalipo.